Chapa, mota kapena txopela: kusankha choyendera mumzinda wa Tete

Munthu wochokera kwathu ku Angónia, ku Tsangano kapena ku Macanga akabwera kudzakhala mumzinda wa Tete kuno ku Mozambique, chinthu choyamba chimene amadandaula nacho ndi kutentha, koma chimene chimamupweteka nthawi yaitali kuposa dzuwa ndi ndalama zoyendera. Mphwanga atapeza ntchito m'sitolo ina ya m'tauni chaka chatha anandifunsa kuti, “Achimwene, nyumba zotsika mtengo zikupezeka mbali iti?” Ine ndinamuuza kuti asayambe wafunsa za nyumba, koma ayambe wadziwa chimene azidzakwera m'mawa uliwonse, chifukwa kuno ndalama imene wapulumutsa kwa mwini nyumba imakathera m'thumba la mnyamata wa mota, njinga yamoto yonyamula anthu. Zimene ndinamufotokozera tsiku limenelo ndi zimene ndalemba pano, kuti abale ena amene akubwera aziyeze okha.

Mzinda uno mtsinje wa Zambezi unaugawa pakati. Kum'mwera kwa mtsinje kuli tauni yakale, imene eni dera amaitcha Nyungwe, ndipo n'kumene kuli maofesi a boma la chigawo, chipatala chachikulu, mabanki ndi msika wa Kwachena. Kutsidya kuli Matundo ndi Chingodzi, kumene kuli bwalo la ndege, ndipo msewu wa N7 umapitirira kuchokera kumeneko mpaka ku Moatize, mtunda wa makilomita pafupifupi 20, n'kukafika kumalire a Zóbuè. Pa kalembera wa 2007 mzindawu unali ndi anthu pafupifupi 155,000, koma pofika 2017 anali atadutsa 300,000, ndipo chimene chinawakoka ambiri ndi malasha a ku Moatize, amene kampani ya Vale inayamba kukumba mu 2011. Walira mvula walira matope: ntchito zinabwera, mahotela anamangidwa, koma misewu ya phula sinawonjezeke molingana ndi anthu. Nyumba zinangomera pa zitunda za miyala ndi m'zigwa, kumene njira inayamba ndi mapazi a anthu, galimoto n'kumatsatira pambuyo ngati ingathe. Zoyendera zonse za muno zimasiyana pa mfundo imeneyi, yakuti china chimathera pamene phula lathera pomwe china chimapitirira.

Chapa, yomwe ndi minibasi ija ya Toyota Hiace imene abale athu a ku Malawi amaidziwa bwino, ndiyo yanyamula mzinda uno. Ubwino wake waukulu ndi wakuti mtengo ndi wodziwika, chifukwa umakhazikitsidwa pokambirana pakati pa akuluakulu a mzinda ndi eni magalimoto, choncho palibe kunenerera, ndipo mlendo amalipira chimodzimodzi ndi mbadwa. Kwa munthu woloka mtsinje kawiri pa tsiku, masiku asanu ndi limodzi pa sabata, palibe china chimene chingafanane nayo pa kutsika mtengo, ndipo amatha kuwerengeratu pa tsiku la malipiro kuti mwezi wonse adzawononga zingati. Chapa ilinso ndi denga, ndipo denga si chinthu chochipeputsa mu Okutobala ndi Novembala pamene kutentha kumadutsa madigiri 40.

Komabe amene amakwera chapa amalipira ndi nthawi yake ndiponso ndi thupi lake. Pa siteji yoyambira siinyamuka isanadzaze, ndipo kudzaza kwake ndi kwa anthu anayi pa mpando umene unapangidwira atatu, kondakitala, amene kuno timamutcha kobradoro, atapinda msana pakhomo mutu uli kunja akuitanira ena. Pakati pa njira vuto limakhala lina, chifukwa m'mawa chapa imadutsa itadzaza kale, ndipo ukhoza kuima pansi pa mlambe mpaka zitatu kapena zinayi zitakupitirira. Chimene chimandikwiyitsa kwambiri ndi khalidwe lodula ulendo pakati. Tsiku lina madzulo ndinakwera chapa imene kobradoro wake ankakuwa kuti ikupita ku Moatize, koma titangowoloka mlatho n'kufika ku Matundo anamenya chitseko kawiri n'kunena kuti galimoto yathera pompo. Mayi wina amene anali ndi beseni la nsomba zouma pamiyendo anakana kutsika, akunena kuti walipira ndalama ya ulendo wonse, koma dalaivala anangozimitsa injini n'kutsamira chiwongolero mpaka tonse tinatsika. Patangopita mphindi zochepa galimoto yomweyo inayamba kuitanira anthu a ku Moatize, ndipo ofuna kupitirira analipiranso kachiwiri. Si onse amene amachita zimenezi, koma zimachuluka madzulo pamene anthu ali ambiri kuposa magalimoto, ndipo usiku ukangoyamba kukula chapa zimasowa ndithu.

Mota, imene ku Malawi amati kabaza wa njinga yamoto, inabwera kudzatseka mpata umene chapa inasiya. Imafika pakhomo penipeni, imakwera miyala, imadutsa mumchenga, siidikira munthu wina, ndipo pa mlatho pakakhala mzere wa magalimoto imangolowera m'mbali n'kupita. Munthu amene mwana wake wadwala usiku ali mkatikati mwa Chingodzi, kapena amene watsala ndi mphindi khumi kuti ntchito iyambe, sayerekeza n'komwe, amangoitana mota. Tisaiwalenso kuti ntchito imeneyi ikudyetsa anyamata ambiri amene anabwera kudzafuna ntchito ya ku migodi n'kuisowa, ena mwa iwo ndi ana a kwathu komwe.

Mtengo wa mota ndi wa pakamwa, ndipo apa ndi pamene imaluza poiyerekeza ndi chapa. Umakwera kukada, umakwera mvula ikagwa, ndipo umakweranso woyendetsa akamva kuti Chinyungwe chako n'chothyokathyoka ndipo lilime lako ndi la ku Ulónguè. Ulendo umodzi wa mota ukhoza kudya ndalama ya maulendo angapo a chapa, choncho munthu wolandira malipiro a m'sitolo amene wadalira mota tsiku ndi tsiku amafika pakati pa mwezi m'thumba muli mbee. Chachiwiri ndi ngozi. Chipewa choteteza mutu, chikakhalapo, nthawi zambiri chimakhala chimodzi, cha woyendetsa, ndipo pa N7 mota imayenda mbali ndi mbali ndi magalimoto akuluakulu a katundu amene madalaivala ake sangaone kanthu kakang'ono kali m'munsi mwa chitseko. Pali ngozi ina yaing'ono imene anthu saitchula kawirikawiri koma yasiya zipsera pa anthu ambiri, ndiyo paipi ya utsi. Mlamu wanga ali ndi chipsera chozungulira pa katumba wa mwendo wamanja chimene anachitenga tsiku loyamba kukwera mota, pamene anatsikira mbali ya paipiyo akusamala thumba lake. Malangizo anga kwa amene sangachitire mwina ndi akuti apeze woyendetsa mmodzi wodekha wa m'dera lawo, asunge nambala yake, agwirizane mtengo asanakwere, ndipo ngati zosintha zavuta alipire pa foni kudzera pa M-Pesa kapena e-Mola m'malo mokangana pamsewu. Woyendetsa amene amadziwa pakhomo panu ndiponso amene inu mumadziwa kwa amayi ake sathamanga mopusa.

Txopela, kanjinga ka matayala atatu kokhala ndi denga, ili pakati pa ziwirizi, ndipo ine ndimaiona ngati chokwera cha tsiku la katundu. Imanyamula anthu atatu kumbuyo, choncho mukakhala banja kapena anzanu n'kugawana mtengo imatsika mpaka kuposa kukwera mota aliyense yakeyake. Thumba la mbatatesi limene amayi atumiza kuchokera kumudzi, gogo amene akupita kukaonana ndi adokotala, mayi wa mwana wakhanda amene sangakhale pa mota, onsewa malo awo ndi mu txopela. Koma kwa munthu mmodzi wopanda katundu ndi yodula, ndipo matayala ake ang'onoang'ono amagonja pa chitunda cha miyala kapena mumchenga wakuya, moti kumadera kumene imafunika kwambiri woyendetsa amakana kulowa kapena amawonjeza mtengo.

Za mabasi akuluakulu, amene timawatcha machimbombo, sindinena zambiri. Akapezeka ndi otsika mtengo ndipo mpweya umalowa bwino, koma ndi ochepa, ndipo munthu amene bwana wake amayang'ana wotchi sangamange tsiku lake pa basi imene sakudziwa kuti idutsa nthawi yanji. Sitima nayo siithandiza woyenda tsiku ndi tsiku, chifukwa njanji ya Sena yopita ku Beira ndiponso ija yopita ku Nacala kudzera ku Malawi zonse zimayambira ku Moatize, ndipo palibe imene imalowa mumzinda wa Tete. N'zomvetsa chisoni kuona mabogi ambirimbiri a malasha akunyamuka tsiku lililonse pamene anthu ogwira ntchito m'dera lomwelo akukanganirana mpando wa chapa.

Chilichonse chimene mungasankhe, nonse mumakakumana pa mlatho wa Samora Machel, wolendewera pa zingwe zachitsulo, umene unamangidwa nthawi ya atsamunda n'kuyamba kugwira ntchito mu 1973. Amene analipo 2014 isanafike akukumbukira mizere ya magalimoto a katundu opita ku Malawi ndi ku Zambia imene inkatseka njira mbali zonse ziwiri. M'chaka chimenecho anatsegula mlatho wa Kassuende, makilomita angapo kumunsi kwa mtsinje, ndipo magalimoto olemera anasamukira kumeneko. Mlatho wakale unapuma, koma sunakule: ukadali ndi njira imodzi yopita ndi imodzi yobwera, pamene anthu a kutsidya akuchulukirachulukira, choncho galimoto imodzi ikafa pakati pa mlatho mzinda wonse umaima. Pa nthawi yotere wa mota amaseka wa chapa, koma woyenda pansi amaseka onse awiri, chifukwa m'mbali muli kanjira ka oyenda pansi ndipo mlathowu ndi wa mamita opitirira pang'ono 700. M'mawa kusanatenthe kuwoloka pansi ndi nzeru, ndipo ana a sukulu ndi amayi a geni ambiri amatero, koma masana a mu Novembala chitsulo cha m'mbali sichigwirika ndi dzanja.

Mtsinje wina umene munthu wosankha malo ayenera kuuganizira ndi Revúbuè, umene uli pakati pa Chingodzi ndi Moatize. Mu Malichi 2019 unasefukira n'kulowa m'nyumba za anthu ku Chingodzi, ndipo mu Januwale 2022 namondwe Ana anadula mlatho wake pa msewu wa ku Moatize, moti ulendo umene unali wachidule unasanduka wozungulira kudzera ku Kassuende. Malo a m'mphepete mwa mtsinje umenewu amaoneka otsika mtengo m'chilimwe, koma m'dzinja chapa siifikako, txopela imatitimira, ndipo mota imatchula mtengo umene yafuna. Phunziro lomweli linaoneka ku Cateme, kumene mabanja oposa 700 anasamutsidwira kuti apereke malo ku mgodi. Anapatsidwa nyumba za simenti, koma anapezeka ali makilomita pafupifupi 40 kuchokera ku Moatize, kutali ndi msika umene ankagulitsako makala, njerwa ndi ndiwo zamasamba, ndipo mtunda umenewo unali pakati pa madandaulo awo akuluakulu.

N'chifukwa chake anthu akamakangana kuti kukonza madera a mzinda kuyambire pati, ine ndimaima ndi amene amati kuyambire pa misewu yolowa m'kati mwa madera ndi ngalande zake, osati pa kupaka laimu miyala ya m'mbali mwa misewu ikuluikulu ya m'tauni. Ndaona ndi maso anga zimene zimachitika msewu wa dothi ukayalidwa timiyala ta simenti tija. Choyamba fumbi limachepa, kenaka txopela imayamba kulowa popanda kuwiringula, anyamata a mota amatsitsa mtengo chifukwa sali okha, amayi amatulutsa matebulo a tomato ndi mandasi, ndipo pamapeto pake chapa imatalikitsa ulendo wake kuti ikatenge anthu a kumeneko. Choipa chake n'chakuti eni nyumba nawo amaona zonsezi, ndipo lendi imakwera mwezi womwewo, moti wosauka amene anapirira fumbi zaka zonse amakankhidwira kutsogolo kumene msewu sunafike, n'kubwereranso m'manja mwa mota. Msewu wopanda ngalande nawo sukhalitsa, chifukwa mvula ya kuno imagwa masiku ochepa koma mwamphamvu, ndipo madzi otsika pa miyala amakumba pansi pa timiyalato n'kutinyamula. Chinthu china chotsika mtengo chimene chingasinthe moyo wa okwera chapa ndi mthunzi pa masiteji, pakuti munthu amene waima padzuwa la Tete kwa mphindi makumi awiri amagonja n'kuitana mota ngakhale ndalama yake inali ya ndiwo.

Mphwanga uja anapeza zipinda ziwiri zoti asankhepo. China chinali chachikulu ndiponso chotsika mtengo, koma chinali m'kati kwambiri mwa Chingodzi, kumene akanafunika mota kuti akafike pa phula, kenaka chapa kuti awoloke. China chinali chaching'ono, ku Matundo, chodulirapo, koma pamtunda wa mphindi khumi wapansi kukafika pa siteji. Tinakhala pansi ndi pensulo n'kuwerengera maulendo awiri a mota pa tsiku kwa masiku 26, ndipo chipinda chotsika mtengo chija chinapezeka kuti ndicho chodula. Anatenga cha ku Matundo. Masiku ano amakwera chapa m'mawa, madzulo kukazizira nthawi zina amawoloka mlatho wapansi, mota amaitana tsiku lowerenga katundu m'sitolo pamene amaweruka mochedwa, ndipo txopela amaifuna pokhapokha amayi akatumiza thumba la mbatatesi ndi nyemba kuchokera ku Dómuè.