Pikapu ya dizilo yokonzera pakhomo: pampu yakale kapena common rail?

Munthu akagula pikapu yakale ya dizilo kuti aziigwiragwira yekha pakhomo, maganizo amathamangira ku matayala akuluakulu, chitsulo cha kutsogolo ndi nyali zapadenga. Zimenezo zikhoza kudikira. Chimene chidzalamulire ntchito yonse, kuyambira zida zimene mudzagule mpaka zinthu zimene mudzathe kusintha ndi manja anu, ndi njira imene mafuta amafikira m'masilinda. Njirazo zilipo ziwiri: pampu yakale yoyendera zitsulo ndi masipuling'i, ndi common rail, paipi imodzi yosunga mafuta opanikizidwa kwambiri n'kumawagawira masilinda onse, imene imamvera kompyuta.

Kumbali ya pampu yakale kuli mainjini ngati Toyota 2L, 3L ndi 5L, Isuzu 4JA1 ndi 4JB1, Nissan TD27, Mazda WL ya mu B2500 ndi Ford Ranger yoyambirira, komanso Mitsubishi 4D56 ya zaka zoyamba. Ambiri mwa amenewa ali ndi pampu ya kapangidwe ka Bosch VE, ngakhale pampupo patalembedwa Denso kapena Zexel. Kumbali ya common rail kuli 2KD-FTV ndi 1KD-FTV za mu Hilux imene inayamba kutuluka mu 2004, zija amazilemba D-4D, kuli Isuzu 4JK1 ndi 4JJ1, komanso YD25 ya mu Navara D40. Pakati pa magulu awiriwa pali mileme, yosakhala mbalame yosakhala mbewa: Toyota 1KZ-TE, 5L-E ndi Isuzu 4JH1 ya pampu ya VP44. Pampu yake ndi yozungulira ngati yakale ija koma woilamula ndi kompyuta. Kwa munthu wokonzera pakhomo ine ndimaona kuti amenewa ndiwo ovutitsa kwambiri, chifukwa mavuto a mawaya alipo koma mphamvu za common rail palibe.

Tiyambe ndi m'mawa umene galimoto yakana kulira. Pampu ya VE imafuna waya mmodzi yekha wa magetsi, wopita ku solenoid, kavalavu ka magetsi kotsegula ndi kutseka mafuta. Ngati wayayo ali ndi moto, mafuta akufika, mpweya sunalowe m'mapaipi, ndipo ma glow plug, mapulagi otenthetsa m'masilinda, akutentha, injini iyenera kudzuka. Mpweya ukalowa, mumapopa pa fyuluta, n'kumasula pang'ono manati a mapaipi a pa mainjekita (timipope topopera mafuta m'injini), n'kuliza sitata mpaka thovu litatha, kenako n'kumanganso. Sipanala imodzi yakwanira. Pa common rail zimenezi musayerekeze. Mainjekita a injini yakale amatseguka mphamvu ya mafuta ikafika pakati pa 120 ndi 200 bar (bar ndi muyezo wa kupanikizika), pomwe mu common rail mafuta amasungidwa pa 1,350 mpaka 1,800 bar, kwina kuposa pamenepo. Kamtsinje ka mafuta otuluka ndi mphamvu yotere kamaboola khungu n'kulowa m'mnofu, ndipo bala lake ndi la opaleshoni ngakhale likuoneka ngati kadontho. Choncho injini ikamalira, dzanja lisayandikire mapaipi amenewo. Pofufuza vuto, chida choyamba si sipanala koma sikana yowerenga zimene kompyuta yaona, kenako mita yoyezera magetsi.

Apa ndiyenera kuichitira chilungamo common rail. Sikana ija ikakhalapo, ndipo mwaphunzira kuiwerenga, injini imakuuzani yokha pamene pakupweteka. Mumaona mphamvu ya mafuta imene kompyuta ikufuna ndi imene ikupeza. Mumaona injekita iti imene kompyuta ikuionjezera mafuta kuti ifanane ndi zinzake. Mavuto ena amene amaopsa anthu ndi aang'ono: pa mapampu a Denso, kavalavu kotchedwa SCV kakatha galimoto imachita befu kapena kuzima pamsewu, koma kusintha kwake ndi mabawuti ochepa basi. Ndiponso tisanamizane kuti pampu yakale imakonzedwa pakhonde. Kuichotsa, kuibwezera ndi kutchera timing yake (nthawi imene imathira mafuta) ndi geji yotchedwa dial gauge mungathe. Koma m'kati mwake, ndi poyeza mainjekita, pamafunika benchi ya akatswiri a mapampu. Kusiyana kwake n'kwakuti pampu ya VE imatha pang'onopang'ono, imakuchenjezani ndi utsi ndi kudontha, ndipo nthawi zambiri imakufikitsani kunyumba.

Ukhondo ndi pamene pakhomo pamagonja. Madzi pang'ono kapena fumbi m'mafuta, injini yakale imatsokomola n'kupitiriza. Mu common rail madzi omwewo amadya pampu, tizitsulo timayenda m'njira yonse ya mafuta, ndipo mainjekita anayi amatha tsiku limodzi. Amene wasankha common rail, chinthu choyamba kuonjezera si chokometsera ayi, ndi fyuluta yachiwiri yolekanitsa madzi. Pomasula mapaipi, malo akhale osesa, opanda mphepo, ndipo pakamwa pa paipi iliyonse patsekedwe nthawi yomweyo. Injekita yatsopano ya Denso imabwera ndi nambala yake imene iyenera kulowetsedwa m'kompyuta ya galimoto, apo ayi injini imagogoda ndi kufuka.

Pa mphamvu palibe mpikisano. 3L ya 2,779 cc ndi 5L ya 2,986 cc zimatulutsa pafupifupi 190 Nm (muyezo wa mphamvu yokoka), ndipo pa mtunda wautali mutanyamula katundu mudzadziwana bwino ndi giya yachiwiri. 1KD-FTV ya 2,982 cc, kukula kwake kofanana ndi 5L, imapereka 120 kW ndi 343 Nm mu Hilux, pomwe 4JJ1 ya Isuzu imafika 360 Nm. Common rail imachita zimenezo ikumwa mafuta ochepa, phokoso lili pansi, chifukwa kompyuta imagawa mafuta kangapo pa kuphulika kumodzi m'malo mowathira onse nthawi imodzi.

Ndiye mwini 3L kapena 5L amayamba kuganiza zoika turbo, ndipo apa ndi pamene mainjini ambiri abwino amafera. Injini zimenezi zimapanikiza mpweya kwambiri, pafupifupi 22:1, pomwe 1KD ili pa 17.9:1. Mapisitoni ake sanapangidwe kuti azilandira moto wa turbo. Kuiika n'kotheka, ambiri anachita, koma pamafunika kudziletsa: boost, mphamvu ya mpweya umene turbo imakankhira m'injini, isapitirire theka la bar, rediyeta ikhale yatsopano kapena yotsukidwa bwino, paipi ya utsi ikulitsidwe, ndipo geji ya EGT yoyeza kutentha kwa utsi ikhale pamaso pa dalaivala, sensa yake itaikidwa utsi usanalowe mu turbo. Singano ikamayandikira 700°C phazi lichoke. Geji ya madzi imene inabwera ndi galimoto imachedwa, ikamadzasuntha n'kuti hedi itamva kale. Chokopa chachikulu ndi kabawuti ka mafuta ka pa pampu ya VE. Mukakapotoza pang'ono galimoto imadzuka, mtima n'kukondwa. Koma mafuta ochuluka opanda mpweya wokwanira ndiwo utsi wakuda uja, ndipo utsi wakuda ndi kutentha kumene kukudya pisitoni. Kukapotoza mopitirira, injini ikhoza kuthamanga yokha osamveranso phazi.

N'chifukwa chake ine, munthu akafuna pampu yakale komanso mphamvu, ndimamulozera ku injini imene inachokera ku fakitale ili kale ndi turbo. 4JB1-T ya 2,771 cc ndi TD27T ya 2,663 cc ndizo zimandigwira mtima. Ya Isuzu imathira mafuta mwachindunji pamwamba pa pisitoni, motero imadzuka msanga kukazizira ndipo sikumwa kwambiri, ngakhale phokoso lake anthu oyandikana nanu adzalidziwa. Ili ndi malaina ochotseka m'masilinda, kotero pochita ovaholo mumasintha laina, pisitoni ndi maring'i popanda kukulitsa buloko. TD27 ndi yolemera, yaulesi pang'ono, koma hedi yake ndi yachitsulo ndipo timing yake imayendera magiya, palibe lamba woti aduke. Pa injini ngati zimenezi kuonjezera intercooler, choziziritsa mpweya wochokera mu turbo, ndi ntchito yoti munthu aigwira pakhomo, ndipo phindu lake limaoneka pa geji ya EGT.

Pa common rail mphamvu imaonjezedwa popanda kudetsa manja. Pali kabokosi kolumikiza pa mawaya kamene kamanamiza kompyuta kuti mphamvu ya mafuta yatsika, ndiye pali kulembanso pulogalamu ya m'kompyutamo. Kabokosi kotchipa kamangokweza mphamvu ya mafuta, pampu ndi mainjekita n'kumavutika. Kulembanso pulogalamu ndiko kwabwino ngati wolembayo akudziwa ntchito ndipo wayeza galimoto pa dyno, makina oyezera mphamvu ya injini, koma imeneyo sinso ntchito yanu, mwalipira wina. Ndipo mphamvu ikakwera, kilatchi ndiyo imayamba kulira. Za kuchotsa EGR kapena DPF, zida zochepetsa utsi woipa, malamulo a mayiko ambiri amaletsa pa galimoto yoyenda pamsewu. Chimene mungachite momasuka ndi kumasula manifodi yolowetsa mpweya n'kupala mwaye umene umasakanikirana ndi nthunzi ya oyilo mpaka njira kuchepa. Ndi ntchito yakuda, koma galimoto imapumanso bwino.

Injini iliyonse ili ndi pofooka pake, ndipo pogula muyambe kuyang'ana pamenepo. 2L-T, 1KZ-TE, WL ndi 4D56 zimadziwika ndi kung'aluka hedi zikangotentha. Thovu m'rediyeta injini ikulira, kapena mapaipi a madzi olimba gwa m'mawa injini isanatenthe, ndi chenjezo lokwanira. Pa 1KD mawashala a pansi pa mainjekita akayamba kutulutsa mpweya, mwaye umalowa mu oyilo n'kutseka sefa ya pampu ya oyilo mu sampu, mabering'i n'kuuma. Injekita yotha pa injini yomweyi ikhoza kung'alula pisitoni. YD25 imvetsereni tcheni cha timing ikangodzuka kumene. Lamba wa timing pa mainjini a L amasinthidwa pa 100,000 km, pa KD pa 150,000 km, ndipo 4D56 ili ndi kalamba kachiwiri ka balance shaft (shafti yochepetsa kunjenjemera kwa injini) kamene kakaduka kamatha kulowa m'lamba wamkulu. Ngati wogulitsa sangakuonetseni umboni wa tsiku limene lamba anasinthidwa, muwerengereni kuti sanasinthidwe.

Ena amati bwanji osagula bodi yabwino n'kuikamo injini ina. Kuchoka pa 2L kupita pa 3L kapena 5L n'kosavuta chifukwa ndi banja limodzi. Kuika 1KD m'galimoto ya 3L ndi nkhani ina. Injiniyo imabwera ndi kompyuta yake, mawaya ake onse, pedulo ya magetsi, ndi immobiliser, loko ya magetsi yoletsa kuba, imene imafuna kiyi wake. Zambiri mwa ntchito zotere zimathera pansi pa lona. Komanso nambala ya injini ikasintha, mapepala a galimoto ayenera kusinthidwa motsatira malamulo a dziko lanu.

Kunsi kwa galimoto magulu awiriwa amasiyananso. Hilux ya 4x4 ngati LN106, ya m'badwo wa 1988 mpaka 1997, ili ndi ekiselo yathunthu kutsogolo yokhala pa masipuling'i amasamba. Kuikweza ndi kusintha masipuling'i, mashoko ndi mapaipi a mabuleki, n'kukonzanso chiwongolero. Imagunda msana, koma ndi yosavuta kuimvetsa. Mapikapu ambiri a common rail ali ndi miyendo yakutsogolo yoyenda payokhapayokha. Amakhala bwino pamsewu, koma mukawakweza kupitirira 50 mm ma CV joint, mfundo za mashafti oyendetsa matayala akutsogolo, amapendekeka kwambiri, marabala ake amang'ambika, ndipo ma ball joint amatha msanga.

Matayala akulu aja nawo amakondera mbali imodzi. Kuchoka pa mainchesi 29 kupita pa 33 ndi kukulitsa tayala ndi pafupifupi 14 peresenti, ndipo mphamvu yofika pansi imatsika ndi muyezo wonga womwewo. Injini ya 343 Nm imameza zimenezo. Ya 190 Nm giya yachisanu imasanduka chokongoletsera, pokhapokha mutasintha magiya a m'difu kupita pa 4.88 kapena cha pamenepo, ndipo pa 4x4 madifu onse awiri ayenera kufanana. Sipidomita idzayamba kuonetsa liwiro lochepa kuposa lenileni, mabuleki adzafuna mtunda wautali kuti aimitse galimoto.

Tsono ndisankhe iti? Kwa amene akuyamba, amene zida zake ndi masipanala, torque wrench, jeke ndi zochirikizira zolimba, ndipo chimene akufuna ndi kuphunzira injini mpaka m'kati, pampu yakale ya turbo yochokera ku fakitale. Zolakwa zake zimakhululukika ndipo pafupifupi chilichonse chimamasulidwa ndi manja. Kwa amene amakoka ngolo yolemera kapena kuyenda maulendo ataliatali, ndipo saopa mawaya, common rail, koma injiniyo aisiye mmene ilili. Aike fyuluta yachiwiri ndi geji ya EGT, ayezetse mainjekita, ndipo luso lake alionetsere pa masipuling'i, mabuleki ndi bodi.

Mbali iliyonse imene mwasankha, musanamvetsere n'komwe kulira kwa injini, lowani pansi ndi tochi ndi kahamala. Gogodani chassis kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, makamaka pamene pamagwira masipuling'i akumbuyo, pamwamba pa ekiselo, ndi pakati pa kabini ndi bodi pamene pamapindika galimoto ikamanyamula mopitirira. Chitsulo chabwino chimalira ngwe, chodyedwa ndi dzimbiri chimayankha mogonthera ndipo chimagwetsa makoko. Penti yakuda yatsopano pa chassis ya zaka makumi awiri muikande ndi sikuludiraiva muone chimene yabisa. Mukapeza zigamba zowotcherera pamalo amenewa, kayang'aneni galimoto ina, ngakhale injini yake ikhale 4JB1-T yolira bwino chotani.