Kagulopu kapena multimeter pa kathalakitala kakale?

Kathalakitala kotchetchera kapinga kakagona zaka mu shedi kuno ku Thyolo, chinyezi cha chiperoni chimadzazitsa dzimbiri m'mawaya. Ndiye muyeze ndi chani? Multimeter, chipangizo choyezera magetsi, imapereka nambala ya mavoti (V), batire yodzadza ndi 12.6V, injini ikamalira ifike cha m'ma 14V, apo ayi sikutchaja. Koma imanamizatu, waya wotsala kaulusi kamodzi iwonetsabe 12V ngati zonse zili bho. Kagulopu ka 12V koyezera mawaya kamakoka moto ndiye pamene pali dzimbiri kamayaka mofooka, ine ndimayambira komweko, kotchipanso. Musanamasule waya aliyense chotsani kaye waya wa negetivu (-) pa batire, mphete vulani, ndipo switch ya pansi pa mpando, yomwe imaimitsa mipeni mukadzukapo, osailumpha ndi waya, mipeni ingazungulire manja muli nawo pansipo.