Zomatira za pa Coaster yanga dzinja litatha: zomwe zagwira ndi zomwe zagonja

Toyota Coaster yomwe ndinaisandutsa kanyumba koyenda nako yapsa ndi dzuwa la October ku Salima, yanyowa ndi mvula yonse ya dzinja lathali, yadutsanso m'mabampu a msewu wa M5. Tsopano ndingathe kunenapo za zomatira zomwe zili kunja kwake. Ndinagwiritsa ntchito mitundu itatu: tepi ya butyl, ndi zomatira ziwiri za m'chubu, polyurethane ndi MS polymer. Silicone ndinaipeza kale m'mbali mwa mazenera, ndipo ndi yomwe yandidyera nthawi.

Butyl ndinaiika pansi pa fani ya padenga ndi pomwe mawaya a sola amalowera. Simauma, imangokhala yofewa ngati chingamu, choncho si guluu ayi. Chogwira fani ndi masikuluu, iyo ntchito yake ndi kutsekereza madzi basi. Kukatentha kwambiri imafinyikira m'mbali n'kumakola fumbi, ine n'kumangoipala ndi kapulasitiki. Padenga sipanadonthepo.

Nkhani yaikulu ili pa mazenera omwe ndinachotsa n'kutsekapo ndi aluminiyamu. Kukatentha, aluminiyamu amafutukuka pafupifupi kawiri kuposa chitsulo cha basiyo, ndiye masana ndi usiku zinthu ziwirizi zimakhalira kukokana. Chomatira chikapyapyala chimang'ambika. N'chifukwa chake ndinayamba ndaika tizidutswa ta labala kuti pakati pakhale mpata wa mamilimita atatu, kenako n'kudzazamo Sikaflex-221, yomwe ndi polyurethane, itauma n'kupakapo penti. Lero ndikadina ndi chikhadabo imalowa pang'ono n'kubwerera, ndipo palibe mng'alu ngakhale pakona ya kumbuyo pomwe basi imagwedezeka kwambiri.

Koma pentiyo musaione ngati yokongoletsera chabe. Polyurethane ndi dzuwa sizigwirizana. Ndinasiya dala kamzere kosapaka penti pamwamba pa chitseko, ka polyurethane ina yoyera yomwe inali yotsala. Pano kachita chikasu, ndipo ukapitapo ndi chala kamasiya ufa. Sikanayambe kulowetsa madzi, koma sindikukhulupirira kuti kangafike dzinja lachiwiri.

Pomwe ndinadziwa kuti sindidzapakapo penti, monga pa timiyendo ta sola, ndinaika Soudal Fix All, yomwe ndi MS polymer. Yadetsedwa ndi fumbi koma yagwira, ndipo dzuwa silinaisinthe. Ndikanati ndiyambirenso, mizere yonse ya padenga ndikanaipatsa mtundu umenewu.

Amisiri ambiri amapukuta chitsulo ndi sipiriti n'kumata nthawi yomweyo. Pa polyurethane musatero. Sipiriti akatsalira, chomatiracho chimakana kuuma bwino, chimangokhala chonata. Palani dzimbiri ndi sandipepala, pukutani, dikirani paume, kenako matani. Dziwaninso kuti polyurethane ndi MS polymer zimauma pokoka chinyezi cha mumpweya, pafupifupi mamilimita atatu patsiku, ndipo m'chilimwe mpweya ukauma zimachedwerapo. Basi muisiye ikhale kaye, osati kumata lero mawa ulendo wa ku Nkhotakota. Pogula muziyang'ana deti pa chubu, chifukwa polyurethane ikakhalitsa m'shopu yotentha imayamba kulimbira mkati momwemo.

Tsono silicone. Amene anali ndi basiyi poyamba anapaka ija yonunkha viniga pozungulira mazenera awiri akumbuyo. Fungo limenelo ndi asidi, ndipo asidi pa chitsulo chopalika penti amabala dzimbiri. Mvula ya January itafika pachimake, madzi anayamba kutsika mkati mwa khoma mpaka kunyowetsa bolodi ya pansi pa bedi. Nditakoka silicone uja anasendeka wonse mosavuta, kunsi kwake kuli mzere wofiira wa dzimbiri kuyambira pakona mpaka pakati pa zenera. Choipa china, penti sagwira pa silicone, ndipo ngakhale mutamuchotsa amasiya mafuta osaoneka omwe chomatira chatsopano chimakana. Ndinapala mpaka chitsulo chinawala, ndinapaka penti woteteza dzimbiri, ndipo pamenepo ndi pomwe polyurethane inagwira.

Zenera limodzi latha. Linalo ndaliphimba kaye ndi tepi, ndikudikira August kuti khoma liume mkati ndisanatsegulepo.