Sewero la zaumoyo pa khonde la chipatala china ku Mzuzu

Kwa miyezi itatu tsopano ndakhala ndikuperekeza amayi anga ku kiliniki ya BP ndi shuga pa chipatala china kuno ku Mzuzu, ndipo ulendo uliwonse tapeza gulu la achinyamata asanu likuchita sewero pa khonde pamene odwala amadikirira kuyezedwa. Salipiritsa, alibe zokuzira mawu, ndipo zida zawo ndi ng'oma imodzi, chitenje ndi botolo lopanda mapiritsi. Poyamba ndinkaganiza kuti cholinga chawo n'kungotayitsa nthawi anthu amene afola mzere kuyambira m'mamawa kukuzizira, koma tsopano ndikuona kuti ntchito yawo ndi mbali ya chithandizo chenichenicho.

Sewero limene linandigwira mtima ndi la mayi wogulitsa usipa mumsika amene anasiya kumwa mapiritsi a BP otchedwa HCT chifukwa ankamukodzetsa pafupipafupi, ndipo sakanatha kusiya benchi lake nthawi ndi nthawi makasitomala ali pomwepo. Popeza mutu unali utaleka kupweteka, iye anadziuza kuti wachira. Pamene mwamuna wake ankamuvomereza, woimba ng'oma anaimitsa sewerolo n'kufunsa odwala kuti, "Amayi ndi abambo, kodi mayiwa achite chiyani?" Apa m'pamene panali phindu lonse, pakuti anthu amene amangoti "ndili bwino" akalowa kwa adokotala anayamba kuulula zimene amachita kunyumba: ena amadumphitsa masiku kuti mapiritsi akhalitse, ena amasiya miyendo ikatupa ndi mankhwala ena a BP otchedwa amlodipine, enanso amagawana mankhwala ndi anansi awo. Amayi anga, amene sanandiuzepo zoterezi, anakweza dzanja n'kuvomera kuti nawonso amasiya akakhala pa ulendo wa basi. Kenaka anamwino anafotokoza modekha kuti kuthamanga kwa magazi nthawi zambiri sikupweteka, kuti nambala zikafika 140/90 kapena kuposa zimawononga mtima, impso ndi mitsempha ya mu ubongo mwakachetechete mpaka munthu kufa ziwalo, ndiponso kuti HCT amamwedwa m'mawa kuti asasokoneze tulo. Nyimbo yotsekera inali ya mchere, yokumbutsa kuti usapitirire magalamu 5 pa tsiku, zomwe ndi pafupifupi kasupuni kamodzi ka tiyi.

Sindikudabwa kuti njirayi ikugwira bwino kuno kumpoto, kumene anthu anadziwa kalekale kuti ng'oma ndi machiritso zimayendera limodzi. Vimbuza, gule wa Atumbuka amene bungwe la UNESCO, loona za maphunziro ndi chikhalidwe pa dziko lonse, linamulemekeza mu 2005 ngati chuma cha chikhalidwe cha anthu onse, amapatsa wodwala, makamaka mayi, bwalo loti atulutsirepo zimene zamulemera mumtima pamaso pa abale ake. N'chifukwa chake ndinakhumudwa kuona kuti m'sewero lina sing'anga anamusandutsa chitsiru choseketsa anthu. Ambiri mwa okhala pa mabenchi paja amapita kwa asing'anga, ndipo munthu amene wasekedwa sauzanso anamwino za zitsamba zimene akumwa pamodzi ndi mapiritsi, pamene zimenezo n'zofunika kuti achipatala azidziwe.

Vuto lina ndi la chilankhulo. Ochita sewerowa amasakaniza Chichewa ndi Chitumbuka, zomwe n'zoyenera mu mzinda uno, koma mfundo zikuluzikulu amazinena mofulumira m'chilankhulo chimodzi chokha, moti agogo ena ochokera kumidzi ankafunsa anzawo zimene zanenedwa. Ng'omanso imakwera kwambiri pamene maina akuitanidwa.

Ngakhale zili choncho, ndikulimbikitsa aliyense woperekeza wodwala kuti afike msanga n'kukhala pafupi ndi ochita sewerowa. Amayi anga tsopano amasunga mapiritsi awo m'kachikwama kamodzi ndi buku la kuchipatala, ndipo sabata yatha anawatenga popita ku Nkhata Bay popanda wina kuwakumbutsa.