Pinotage wotsika mtengo amakoma ndi mbuzi, koma ogulitsa ena amamuphika padzuwa

Vinyo wofiira wa Pinotage uja, amene amakhala pa shelefu ya pansi m'masitolo ambiri muno mu Lilongwe, ndinamugula pa sitolo ina ku Old Town m'mwezi wa Okutobala chifukwa alamu anga ankabwera kuchokera ku Kasungu. Za mtengo sindinena zambiri, popeza tonse tikudziwa mmene wakwerera kuchokera pamene kwacha inagwa mu Novembala 2023.

Titatsegula botolo, vinyoyo anali wofiirira mothimbirira ndipo ankanunkha ngati jamu wopserera, moti alamu anangolawa pang'ono n'kupempha madzi. M'mawa mwake ndinabwerera ku sitolo ndi lisiti. Mayi wa pa tilu, osayang'ana n'komwe botololo, anandiuza kuti: "Bambo, vinyo amakoma akakhalitsa, mwina simunamuzolowere." Mawu amenewa anandipweteka kuposa ndalama zimene ndinataya. Ndinawalozera pamene anandandalika mabotolowo, pafupi ndi galasi la zenera limene dzuwa la masana limawombapo mpaka kulowa, ndipo ndinawapempha kuti agwire limodzi amve mmene latenthera. Anakana, nati ali ndi mzere wa anthu. Vinyo wa patebulo ngati ameneyu sapangidwa kuti asungidwe zaka zambiri, ndiponso amakhala atayenda kale ulendo wautali pa thiraki kuchokera ku Western Cape, chigawo cha ku South Africa, asanafike kuno, choncho kumuika padzuwa la Okutobala ndi kumumaliziratu.

Bwana wa sitoloyo atatuluka anandisinthira ndi botolo la m'katoni ya kuseri, ngakhale sanapepese, ndipo apa ndiyenera kunena chilungamo: vinyoyo payekha alibe mlandu. Mphesa za Pinotage ndi za ku South Africa komweko. Anazipanga ndi Abraham Perold wa ku yunivesite ya Stellenbosch mu 1925 pokwatitsa mitundu ya Pinot Noir ndi Cinsaut, ndipo vinyo wake amakhala ndi kafungo ka utsi komanso ka zipatso zakuda zakupsa. N'chifukwa chake anagwirizana kwambiri ndi nyama ya mbuzi yootcha pa makala, pakuti kuuma kumene amasiya pa lilime kumachotsa mafuta m'kamwa ndipo munthu umafuna nthuli ina. Ndi nkhuku ya lokolo yophika ndi tomato wambiri, pa mpunga wa Kilombero, anakomanso. Chimene sindinkayembekezera n'chakuti ngakhale pa nsima ya nyemba zokazingira anyezi sanachite manyazi.

Pa chambo musamuyese, chifukwa amasiya kakomedwe ka chitsulo m'kamwa, ndipo nsomba imafuna vinyo woyera monga Chenin Blanc. Tsabola wa kambuzi akachuluka m'ndiwo, ukali wa vinyoyu, umene nthawi zambiri umakhala pakati pa 13 ndi 14 peresenti, umawotcha pakhosi mowirikiza. Ndi kutentha kwa kunoku, ndi bwino kumuika mu furiji kwa mphindi 20 asanafike patebulo.

Vinyoyu ndidzamugulanso, koma osati pa sitolo imeneyo, chifukwa ndinadutsapo sabata yatha ndipo mabotolo akadali pa zenera lomwe lija.