Miyezi 8 ndikusewera Road Rash: maganizo anga lero

Mu Febuluwale mlamu wanga anandibweretsera CD ya Road Rash, gemu ya mpikisano wa njinga zamoto, kuchokera ku Johannesburg, ija ya Windows imene kampani ya Electronic Arts inatulutsa mu 1996. Sabata yoyamba ndinkauza aliyense kuti gemuyi ndi ya ndewu basi: kuponda mnzako ndi phazi njinga zili pa liwiro, kumulanda chibonga kapena tcheni, n'kumukankhira kutsogolo kwa galimoto. Tsopano yatha miyezi 8 ndikuisewera pafupifupi madzulo alionse pa laputopu yakale, ndipo mawu aja ndawabweza.

Ndewu imakoma pa levulo yoyamba ndi yachiwiri, pamene njinga zamoto zimayenda mofatsa ndipo uli ndi mpata woyang'ana kumbali. Misewu ndi isanu, yonse ya ku California: The City, The Peninsula, Pacific Coast Highway, Sierra Nevada ndi Napa Valley. Ma levulo nawonso ndi asanu, ndipo ukakwera, msewu womwe uja umatalika, anzako amabwera ndi njinga zaukali. Mumanyamuka anthu 15, koma kuti msewu uwerengedwe kuti wauthana nawo uyenera kufika m'gulu la atatu oyambirira. Kuyambira levulo yachitatu, maso ukawachotsa pamsewu kuti umenye munthu, wawomba galimoto. Ukagwa umathamanga wapansi kukatola njinga yako kumene yagwera, anzako akukudutsa mmodzimmodzi, ndipo wapolisi akakupeza uli pansi wakugwira.

Apa m'pamene ndinazindikira kuti gemuyi yagona pa ndalama. Mphotho ya mpikisano ndi imene umagulira njinga ku shopu ya Olley, kuyambira zotsika za Rat, kenako za Sport, mpaka za Super. Ndi ndalama yomweyonso imene umalipirira chindapusa apolisi akakugwira, kapena kukonzetsa njinga ikaphwanyika. Ukalephera kulipira, zonse zathera pompo. Zinandichitikira mu Meyi: ndinathira ndalama zonse pa njinga ya Sport, mpikisano wotsatira ndinagwidwa ndilibe kanthu m'thumba. Zinandiwawa kwambiri. Kuyambira pamenepo ndimabwereza misewu imene ndinapambana kale mpaka nditasunga yapadera, kenako n'kugula.

Tsopano za nyimbo, poti n'zimene zinatchukitsa gemuyi. Road Rash yoyamba ya mu 1991 pa Sega Mega Drive inali ndi nyimbo zopangidwa ndi makina. Itasamukira pa CD mu 1994, pa makina a 3DO, malo anachuluka, ndipo Electronic Arts inagwirizana ndi kampani ya nyimbo ya A&M Records kuti muikidwe nyimbo zenizeni za magulu a rock: Soundgarden, Monster Magnet, Therapy?, Swervedriver, Paw ndi Hammerbox. Nthawi imeneyo zinali zachilendo kumva oimba otchuka mu gemu. Ine rock sindinakule nayo, ndipo masiku oyamba ndinkangomva phokoso la magitala. Pofika mwezi wachitatu ndinali nditayamba kusiyanitsa mawu a malemu Chris Cornell wa Soundgarden ndi a oimba enawo, ndipo ndinkachedwa dala pa menyu kuti nyimbo ithe. Magitala olemera aja amagwirizana ndi zithunzi zopotoka za anthu a mu Der Panzer Klub, bala imene okwera njinga amakumanirako. Umamva kuti walowa pakati pa anthu osaopa kanthu.

Koma chimene chikundipwetekabe mtima n'chakuti nyimbo zimenezi zimangomveka pa menyu ndi m'mavidiyo. Mpikisano ukangoyamba zimaduka, m'malo mwake mumalowa nyimbo zopyapyala za MIDI, zongoimbidwa ndi kompyuta. Pamene magazi akuthamanga, pamene gitala akanakukankha kuti ulowe kona osagwira buleki, m'pamene palibe. Mwezi woyamba sindinkaziganizira. Lero ndimazimva mpikisano uliwonse, moti nyimbo za mumsewuzo ndinazitseka, ndimangomvera kulira kwa injini, kumenenso kumandithandiza kudziwa kuti wina wandiyandikira kumbuyo.

Amene munaisewera kale pa kompyuta za kusukulu kapena ku ma cafe a intaneti, mwina munapeza ija yodulidwa imene anthu ankapatsirana, yopanda mavidiyo ndi nyimbo za magulu aja. Ngati n'choncho, munangolawa theka. Ya pa CD ndi ina ndithu, ngakhale kuti pa Windows yamakono ndinavutika kaye ndi compatibility mode (njira yoyendetsera mapulogalamu akale) isanayambe kuyenda bwino.

Zina zafwifwa ndithu. Mavidiyo a kupambana, kugonja ndi kugwidwa amaseketsa kawiri katatu, kenako umangowadumpha. Nyumba ndi mitengo ya m'mbali mwa msewu zimabwerezabwereza. Kiyibodi imakwanira, sindinafunepo chogwirira china.

Pano ndili pa levulo yachisanu ndi njinga ya Super yokhala ndi nitro, yowonjezera liwiro kwa kanthawi kochepa. Misewu inayi ndathana nayo. Watsala The City, kumene magalimoto amadutsa mopingasa pamphambano ndipo anthu oyenda pansi amatulukira posayembekezera. Ndafika pa nambala 4 kasanu konse, ndipo usiku uno magetsi akakhalapo ndiyesanso osakhudza nitro mpaka nditatuluka pakati pa tauni.