Ndaonera Jackie Kennedy akuonetsa White House, pulogalamu ya 1962

Dzulo usiku magetsi atangobwera ndinakhala pansi nkuonera pa foni pulogalamu ija mayi Jacqueline Kennedy, mkazi wa pulezidenti wa America wa nthawi imeneyo John Kennedy, ankaonetsa anthu mkati mwa White House. Ili pa YouTube, ndi ya pafupifupi ola lathunthu ndiye bandulo ikhale yokwana musanayambe. Inaulutsidwa koyamba pa 14 February 1962 pa mawailesi a kanema a ku America a CBS ndi NBC, kunotu tikadali Nyasaland, TVM inadzabwera mu 1999.

Mayiwa akuyenda ndi mtolankhani wa CBS, Charles Collingwood, chipinda ndi chipinda, ndipo chomwe chandigwira mtima ndi choti sakudzionetsera ayi, akufotokoza katundu ngati munthu amene anamusakasaka yekha. Chifukwatu nyumbayi anaipeza ilibe zinthu zambiri zakale. Mapulezidenti ammbuyomu ankati akalowa nkuchotsa zomwe sizinawasangalatse, Chester Arthur yekha mu 1882 anatulutsa ngolo 24 za katundu nkukagulitsa pa okushoni, taganizani! Ndiye mayi Kennedy anakhazikitsa komiti yotsogozedwa ndi katswiri wa katundu wakale Henry Francis du Pont, nkuyamba kufufuza mmasitolo ndi kupempha anthu omwe anali ndi mipando ndi matebulo akale kuti abweze, ambiri anapereka ulere. Mipando ina yomwe pulezidenti James Monroe anaitanitsa ku France mu 1817 inabwerera mu Blue Room mwanjira imeneyi.

Pomwe ndinabwezera kawiri ndi mu East Room, ataima pa chithunzi cha pulezidenti woyamba George Washington chojambulidwa ndi Gilbert Stuart. Chimenechi chinapulumuka mu 1814 asilikali a Britain akubwera kudzaotcha nyumbayo, Dolley Madison, mkazi wa pulezidenti James Madison, ndi amene analamula kuti achichotse pakhoma asanathawe. Mayiwa akulankhula motsitsa mawu, pang'onopang'ono, manja atawagwirizira kutsogolo, mpaka ndinakweza volyumu nkuika foni pafupi ndi khutu kuti ndimve bwino. Ku chipinda cha pulezidenti Abraham Lincoln nakonso nkwabwino, bedi lija lalitali lomwe mkazi wake anagula mu 1861 likuoneka bwinobwino.

Koma zondiwawa zilipo. Filimuyi ndi ya black and white, ndiye akati iyi ndi Red Room, iyo ndi Green Room, iwe ukungoona zotuwa zokhazokha, pomwe ntchito yaikulu inali pa mitundu ya nsalu ndi makoma. Ngakhale suti yomwe avala ndi yofiira koma sungadziwe. Collingwood nayenso mafunso ake ndi ofewa kwambiri, amangovomera basi, ine ndimafuna afunse zambiri za anthu omwe anagwira ntchitoyo ndi manja awo, akalipentala ndi osoka makatani. John Kennedy akutulukira chakumapeto kwa mphindi zochepa, zoyankhula zake nzabwino koma zikumveka zokonzeratu, mkazi wake wamuposa kutali.

Ine ndaipatsa 8 pa 10. Ngati mumakonda mbiri kapena za mipando yakale muonere, makamaka podziwa kuti mu 1961 nyumba ya malamulo ya Congress inakhazikitsa lamulo loti katundu wa mbiri wa mnyumbamo asamagulitsidwenso, ngati pulezidenti sakumufuna azikasungidwa ku nyumba zosungira zinthu zakale za Smithsonian. Valani mahedifoni, mawu ake ndi otsika zedi.